Mzere Umene Unadya Maso a Fundi Swaibu

Pakhoma la kachipatala ka pa Kamlaza pali thabwa lopentedwa bwino kuposa chipatalacho. Pamwamba pake pali bokosi lalikulu, mkati mwake dzina la chipatala cha mishoni cha pa Msangu, chimene chili patsidya pa Bua. Pansi pali timabokosi ting'onoting'ono, ndipo kapakati ndi ka Kamlaza. Kuchokera pa bokosi lalikulu kutsikira pa kathuko pali mzere wakuda, wowongoka, wonenepa ngati chala. Ndikamadutsa pamenepo ndimalavula pansi. Anamwino amayesa ndili ndi chifuwa. Ndilibe chifuwa. Mzere umenewo unadya maso a mnzanga Swaibu Fakiri, ndipo mpaka lero palibe amene anauimba mlandu.

A Swaibu anabadwira ku Linga, m'banja la Chisilamu la amalonda a mchere ndi nsalu. Bambo awo ankafuna kuti mwanayo akhale msodzi, koma akangoponda m'bwato ankasanza ngakhale nyanja ili bata. Atatopa naye anakamupereka kwa telala wa pakhonde la sitolo, ndipo kumeneko kunapezeka kuti Mulungu anam'mana mimba ya panyanja n'kumupatsa diso. Diso limenelo ndilo linali munda wawo ndi bwato lawo. Tepi yoyezera ankangoikoloweka m'khosi kuti azioneka telala. Ankakuyang'ana kamodzi kuchokera paphewa kufika kuchidendene, n'kunena kuti, "Amwalimu, mpunga wa ku Bua wakukondani chaka chino, buluku lija silikukwananinso." Ndipo zinkakhala zoona.

Atakwatira a Rahma anabwera kudzakhala chikamwini kuno ku Kamlaza, makina awo ali pangolo. Ine ndinali nditangoyamba kumene kuphunzitsa pasukulu ya pano. Iwo ankanditcha Amwalimu, ine ndinkawatcha a Fundi. Ankasoka makanzu a pa Idi, madiresi a amayi a Mvano, mayunifolomu a ana, ndiponso suti imene ndinakwatira nayo. Bodza lawo linali la matelala onse, lija loti mubwere mawa. Kupatula pamenepo anali munthu wokhulupirika, ndipo matenda awo aakulu anali kuyesa kuti anthu onse ndi okhulupirika ngati iwo.

Zaka za m'ma 1980 anavulala mwendo ndi chitsa, bala n'kutukusira. Anapita ku Msangu, anawapatsa mapiritsi oyera a salufa. Sipanathe sabata, thupi lonse linatuluka matuza, milomo inaphulika, khungu linkasendeka ngati makoko a chinangwa choviika. Anapulumuka, koma patali. Tsiku lotuluka, namwino wamkulu wa kumeneko, Mayi Jenifa, anaitana makaniko wa chipatala. Makanikoyo anadula kachitsulo kozungulira pa poto wakutha, anakaboola pakati, nakhomapo zilembo zochenjeza kuti munthu uyu asapatsidwe mankhwala a salufa amtundu uliwonse. Mayi Jenifa anawamanga nako m'khosi ndi manja awo.

"Bambo Fakiri," anatero, "malaya muzivula, koma aka ayi. Mankhwalawa amabwera ndi mayina ambiri, inu simungawadziwe onse. Aliyense wofuna kukupatsani piritsi aziyamba waona aka. Mukadzawamwanso, akadzakusiyirani moyo, maso sadzakusiyirani."

Anakavala. Koma taganizani Msilamu wa ku Linga akuchokera kumishoni ndi kachitsulo m'khosi. Lachisanu loyamba, akusamba m'manja ndi kumaso asanalowe mumzikiti, kachitsulo kanatuluka m'kanzu n'kugunda beseni. Msuweni wawo, a Khalidi, wogulitsa usipa wouma, anali pafupi.

"Eee, abambo mfumu! Misa iyamba nthawi yanji?"

"Ndi za kuchipatala izi, a Khalidi."

"Tikudziwa. Munthu amalowa ndi bala la mwendo, amatuluka ndi mendulo. Dzina latsopano anakupatsani lotani? Filipo?"

Dzinalo linamata. A Shehe ananena poyera kuti kachitsuloko si chithumwa, si mendulo, ndipo palibe tchimo. Koma chipongwe sichimvera a Shehe. Kwa zaka zoposa khumi a Swaibu ankaitanidwa kuti Filipo pamsika, pamaliro, ngakhale ndi ana a alongo awo akaganiza kuti sakumva. Ankaseka nawo, koma ine amene ndinkakhala nawo pakhonde ndinkaona mmene ankakankhira kachitsuloko mkati mwa malaya munthu akamayandikira. Kankawalemera kuposa makina awo.

Kenako inafika matipate. A Swaibu inawakomera, chifukwa chipani chilichonse chinali ndi nsalu yake, ndipo ankasoka zonse osafunsa mtundu. Pamodzi ndi nsaluzo kunabwera magalimoto oyera a mapulojekiti. Imodzi inatsitsa mkulu wina dzina lake Grey, wovala tayi kunja kukutentha chonchi. Anati akulemba buku la zipatala zonse za m'boma lino: dzina la chipatala, kumene chili, ndiponso kuti chili pansi pa chipatala chiti. Kale Kamlaza inkangodziyendera, boma likuti ndi ya mishoni, mishoni ikuti ndi ya boma. Tsopano buku linagamula kuti ili pansi pa Msangu. Grey anabwera ndi wopenta, tsamba la bukulo analikopera pathabwa, n'kuitanitsa msonkhano wa mudzi wonse.

Ine panthawiyo ndinali nditapuma ntchito, ndili m'komiti ya zaumoyo. Ndinaimika mkono monga mmene ndinaphunzitsira ana a anthu amenewo.

"A Grey, mabokosiwo ndawamva. Koma mzerewo ndi chiyani? Ndi waya? Ndi msewu? Kapena ndi munthu?"

"Madala, mzerewo ukusonyeza kuti Kamlaza ili pansi pa Msangu."

"Ndiye kukhala pansi kumeneko kukutanthauza chiyani kwa munthu wodwala?"

Anamwetulira, anatembenukira kugulu. "Kukutanthauza kuti tsopano ndi banja limodzi. Msangu ndi mayi, Kamlaza ndi mwana. Chimene mayi akudziwa, mwana akudziwanso."

Anthu anaomba m'manja. Amayi anaimba nthungululu. Ine ndinakhalabe chiimire. Ndinati wailesi ya mauthenga ya pa Kamlaza imalankhula ndi ku Boma kokha, ndiponso batire likakhala ndi moto. Ndinati chochokera ku Msangu ndi bokosi la mankhwala basi, ndipo dalaivala wake sazimitsa n'komwe injini. Ndinafunsa kuti za odwala zimene mayiyo akudziwa zidzafika bwanji kwa mwana, zidzaoloka Bua pamsana pa ng'ona?

"Madala," anatero Grey, "zinthu zinasintha. Maganizo amenewo ndi a nthawi ya tambala."

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Mwezi wotsatira kunali chisankho cha komiti. Aka kanali koyamba anthu a Kamlaza kusankha komiti mwaufulu, ndipo ufulu wawowo anaugwiritsa ntchito pochotsa ine. Mayina a amene anaimika manja ndimawakumbukira onse. Ena ndinawaphunzitsa kugwira pensulo.

A Swaibu anali pamsonkhano paja, kutsogolo, akugwedeza mutu. Mawu oti banja anawalowa mumtima, pakuti iwo anali mwinimbumba. Ana a alongo awo onse anali pansi pawo, ndipo kukhala pansi pa a Swaibu kunali ndi tanthauzo. Mwana akatsokomola ku Linga, iwo ankadziwa. Mtsikana akafunsiridwa ku Nkhunga, nkhani inkafika pakhonde pawo mnyamatayo asanabwerere kwawo. M'moyo wawo wonse anali asanaonepo munthu wokhala pansi pa mnzake, wapamwambayo n'kumusiya mumdima.

Patangopita masiku ochepa chichitikireni chisankho cha komiti chija ndinawapeza atagwada pansi pa makina, sipanala ili m'manja. Nati ya pachopondera inkakhwepa, makina ankachita phokoso, ndipo pankafunika kachitsulo kobooka pakati kotsekera mpatawo. Ndinayang'ana m'khosi mwawo. Munalibe chingwe.

"A Fundi, kachitsulo kaja kali kuti?"

"Kapeza ntchito, Amwalimu. Taonani mmene kakwanira. Ngati anachita kuyeza."

"Mwapenga?"

"Simunamve? Za ine zonse zili ku Msangu. Ndiye kuti zili panonso. Ndizivutikiranji kusenza m'khosi chinthu chimene chipatala chasenza kale? Filipo wafa, Amwalimu. Tamuika lero."

"Tandiuzeni. Mwana wa mlongo wanu akadwala ku Linga, mumadziwa bwanji?"

"Amadzandiuza."

"Ndani?"

"Aliyense. Munthu amakwera njinga."

"Eya! Munthu, njinga, miyendo. Nanga pamzere paja, wokwera njinga wake ndani?"

Anapukuta manja pakansalu, akundiyang'ana mwachisoni ngati ndine wodwala. "Amwalimu, inu sukulu inakupwetekani. Anthu abwera pagalimoto kuchokera ku Lilongwe, agula penti, alemba ganyu wopenta, kuti ajambule mzere wopanda munthu? Mukwiyira kuchotsedwa m'komiti basi. Bweretsani buluku lanu ndilifutukule, mwina mtima ungapume."

Ndinawatukwana, ndinawachonderera, ndinakauza a Rahma. A Rahma anati mwamuna wawo wayamba kupita kumzikiti kolala ili yotsegula, akuyenda ngati mnyamata, ndiye iwo angamubwezere bwanji goli? Ndinakhala milungu ingapo osaponda pakhondepo. Iwo ankangondikuwira ndikamadutsa pamsewu, "Amwalimu, mzere ukuperekani moni!"

Dzinja la chaka chotsatira linabwera ndi udzudzu wochita kuphimba nyali. A Swaibu anadwala malungo. Anapita okha kukachipatala kathu ka pa Kamlaza, akunjenjemera koma mutu uli bwinobwino. Pachipatalapo panali dokotala watsopano, Tedson, wa cha ku Dwangwa, wolankhula Chichewa chonunkhira kumpoto. Anali asanathe mwezi. Odwala anali atadzaza khonde mpaka pansi pa mtengo wa mango. Zimene zinalankhulidwa m'kachipindamo anandiuza ndi onse awiri, aliyense payekha, ndipo sizinasiyane.

"Dzina, adada?"

"Swaibu Fakiri. Uja wa ku Msangu uja, adokotala. Ndinagonako kale, anandilemba zonse."

"Chabwino. Mutu? Kuzizidwa? Kusanza?"

"Zonsezo."

Tedson anatenga mapiritsi atatu a malungo, aja tonse timati fansida, amene boma linali litalamula kuti alowe m'malo mwa kolorokwini. Anthu ambiri amawachiza. Koma mkati mwake muli salufa. Anawapatsa ndi kapu ya madzi kuti amwere pomwepo, monga mwa lamulo.

Pambuyo pake ndinawafunsa a Swaibu chifukwa chimene sananenere kuti pali mankhwala amene anafuna kuwapha. Anati, "Ndinatchula dzina langa ndi la Msangu. Ndikanaonjezanso chiyani? Ukafika kwa m'bale wako suyamba kumufotokozera kuti mayi ako ndani. Ndiponso mapiritsiwo sanali ngati aja akale. Ndikanaphunzitsa dokotala ntchito?"

Ndinamufunsanso Tedson chifukwa chimene sanafunsire. Anali munthu wabwino, anagwetsa misozi. Anati tsiku limene anafika anamuonetsa thabwa lomwelo, n'kumuuza kuti odwala onse ovuta a m'dera lino Msangu imawadziwa, ndipo ikadzakhala ndi chomuchenjeza idzamuchenjeza. Sanalandire chenjezo lililonse. Ndiye munthu atatchula Msangu, iye anaganiza kuti kukanakhala kanthu akanamva kale.

Mwaona ntchito ya mzere umenewu? Wodwala anakhala chete chifukwa ankayesa dokotala akudziwa. Dokotala anakhala chete chifukwa ankayesa akanauzidwa. Kukanakhala kuti pakhoma palibe chilichonse, onse awiri akanaopa, ndipo mantha akanawatsegula pakamwa.

Malungo anatha. Kenako maso anafiira, milomo inayamba kutupa. A Rahma anayesa chikuku cha akulu. Pamene matuza ankatuluka pamsana ndi pamene anathamangira kwathu. Tinawakweza a Swaibu pamatola atakulungidwa m'nsalu yonyowa, chifukwa malaya ankamatirira pakhungu. Nthawi imene tinkaoloka mlatho wa Bua anali atasiya kale kutsegula maso.

Ku Msangu tinapeza Mayi Jenifa akadali pantchito, imvi zili mbuu. Anangoona milomoyo, dzanja lawo linapita pachifuwa pa wodwalayo kufunafuna chingwe.

"Kali kuti?"

A Rahma anayang'ana pansi. A Swaibu anayankha okha, mawu akutuluka movutikira. "Kali pa makina, amayi."

Mayi Jenifa sanakalipe. Ine ndi amene ndinakalipa, pakhonde la wodi, mpaka mlonda anabwera. Ndinawafunsa Mayi Jenifa kuti popeza Kamlaza ndi mwana wawo, analekeranji kumuuza mwanayo za munthu ameneyu.

"Aphunzitsi," anatero, "ife anatiuza kuti Kamlaza ili pansi pathu. Tinafunsa kuti tizichita chiyani. Anati tizitumiza bokosi la mankhwala, ndipo kamodzikamodzi tizikaona ngati denga likudontha. Za odwala palibe anatchulapo. Ndiponso nkhani za matenda a munthu sitimangozimwaza kulikonse kumene kwajambulidwa mzere. Pamafunika kugwirizana kuti titumiza ziti, kwa yani, ndipo atenga ndani. N'chifukwa chake ndinawamanga kachitsulo. Kaja kanali ndi miyendo, kankayenda ndi mwini wake."

A Swaibu anagona m'chipatalamo mpaka mpunga unacha. Moyo unatsala. Maso anachita zipsera, n'kuyera ngati mkaka wothira madzi. Amasiyanitsa usana ndi mdima, amaona chithunzithunzi cha munthu akaima pakhomo. Diso la singano sadzalionanso.

Grey ndinakamupeza ku Boma, mu ofesi yokhala ndi fani. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando, anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anatsegula buku lake n'kuloza ndi cholembera.

"Madala, pepani kwambiri ndi zimene zachitikazo. Koma buku silinaname. Kamlaza ilidi pansi pa Msangu."

"Munati chimene mayi akudziwa mwana akudziwanso."

"Chinali chifanizo chabe, kuti anthu akumudzi amve msanga."

"Anamvadi msanga. Mmodzi wamva mpaka maso atha."

Anandifotokozera, ngati akuphunzitsa mwana wa sitandade wani, kuti mzerewo umangosonyeza woyang'anira. Zoti zipatala zizitumizirana nkhani za odwala, anati zimenezo zidzabwera m'gawo lachiwiri la pulojekiti. Ndinamuuza kuti ngati ndi choncho ajambule mizere iwiri yosiyana mtundu: wakuda wa woyang'anira denga, wofiira wa kumene uthenga umayendadi. Kumene kulibe wailesi, kulibe njinga, kulibe pangano, wofiirawo asaujambule, kuti wodwala aone ndi maso ake kuti pamenepo palibe njira, azidzilankhulira yekha. Kapena alembe pansi pa thabwalo mawu ochepa oti mzerewu sunyamula uthenga. Ndinati penti ndigula ndine.

Anati kajambulidwe kameneko n'kofanana m'maboma onse, sangakasinthe chifukwa cha Kamlaza yokha. Anati maganizo anga ndi abwino, adzawatchula kuwekishopu. Anandiperekeza mpaka pakhomo, dzanja lili paphewa panga. Munthu wolemba buku la zipatala ayenera kudziwa kuti chimene wajambula anthu adzachikhulupirira ndi matupi awo. Kuyang'anira ndi chinthu china, kuuzana ndi chinthu china. Mwana wa sitandade faifi ndikanamukwapula atasokoneza ziwirizi. Koma uyu anali ndi digiri ndi galimoto, ndiye anandigwira paphewa.

Gawo lachiwiri lija silinabwere. Grey anakwezedwa, ali ku likulu. Tedson anapempha kusamutsidwa. Asanachoke anayamba kufunsa wodwala aliyense za mankhwala osayanjana nawo, mpaka anthu ankadandaula kuti dokotala wakumpotoyu amachedwetsa mzere wa odwala ndi mafunso.

Masiku ano pamakina pamakhala a Rahma. Anaphunzira atakula, ndipo mizere yawo imapita uku ndi uku ngati njira ya woledzera. A Swaibu amakhala pambali pampando, chovala chikatha amachiyendetsa zala m'mphepete, n'kunena kuti, "Mayi, apa mwasokera munthu wa phewa limodzi, phwasulani." Amakangana tsiku lonse. Makinawo anayambiranso phokoso lija, chifukwa tsiku limene anabwera kuchokera ku Msangu, asanalowe n'komwe m'nyumba, a Swaibu anagwada, anapapasa pansi pa chopondera, n'kumasula nati ija ndi zala. Kachitsuloko kanapindika pang'ono, koma zilembo zikuwerengeka.

Lachisanu amabwera kudzawatenga ndi a Khalidi. Amawagwira dzanja mpaka kumzikiti. Asananyamuke, a Khalidi amapisa dzanja m'kolala ya msuweni wawo, amatulutsa kachitsuloko, n'kukagoneka pamwamba pa kanzu kuti kazioneka. Dzina la Filipo sindinalimvenso pakamwa pawo. Ndimafuna nditawakumbutsa, koma a Swaibu anandiletsa.

Chondipsetsa mtima n'choti mpaka pano munthuyu sakwiya. Ndimachita kumukwiyira ndine. Sabata yatha ndinapita ndi buluku langa kuti a Rahma alibweze, pakuti mpunga wa ku Bua unasiya kundikonda. A Swaibu anandizindikira ndi kayendedwe.

"Amwalimu, mwadzera kuchipatala? Ndamva kulavula."

"Ndadzera komweko."

"Mzere wathu uja ulipobe?"

"Ulipo. Aupentanso. Awonjezera kabokosi kena pansi pa Kamlaza, kachipatala ka ana kaja amanga ku Chigumula. Tsopano nafenso tili ndi mwana."

Chala chawo chinayamba kuzungulira m'mphepete mwa kachitsulo.

"Kuli mdzukulu wanga kumeneko," anatero. "Mwana wa Sharifa, mwana wa mlongo wanga uja. Uja anatupa nkhope atabayidwa jakisoni pano chaka chatha." Anatembenukira kumene kunkamveka makina. "Mayi, siyani kaye zimenezo. Poto wobooka uja munamutaya?"